Ophunzira a Pawindo

3 Sepitembala

Achimwene,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kupatula msana wangawu umene wayamba kudana ndi mpando wa makina osokera.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanu imangolira mpaka kutopa yokha. Mukayankha mumati, "Ndili m'kalasi, ndikuyimbirani," koma kuyimbako sindinakumvepo. Ndiye ndapempha dalaivala wa basi ya Lachisanu, amene ndimasokera ana ake mayunifolomu, kuti azitinyamulira makalata. Akuti azisiya kwa alonda a pageti la yunivesite.

Nkhani ndi iyi: mwana wanu Mafunso wasankhidwa. Akubwera komweko, ku yunivesite yanu, kudzaphunzira za uinjiniya. Atandionetsa dzina lake pafoni ndinalira mushopu, pamaso pa mayi wina amene ankayesa diresi. Mayiyo anaganiza kuti ndalakwitsa kudula nsalu yake, n'kuyamba kunditonthoza kuti agula ina.

Akuti a chaka choyamba onse amaphunzira masamu, ndipo mphunzitsi wake ndinu. Nditamva zimenezo mtima unakhala pansi. Dzina la Mafunso munamupatsa ndinu, nthawi ija ankakutsatani paliponse n'kumafunsa chifukwa chake mwezi sugwa. Tsopano muzimuyankha nokha.

Pempho langa ndi limodzi. Malo ogona a pasukulu akuti anadzaza kale. Mulole azigona kwanu, ngakhale pabalaza. Amachapa yekha, ndipo kadyedwe kake si koti mungadandaule nako. Chimwalirire bambo ake, munthu amene ndingamudandaulire za mwanayu ndinu nokha.

Ine mlongo wanu.

11 Sepitembala

Achemwali,

Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pakhonde, ndipo ophunzira anandiona ndikuseka ndekha. Mafunso ku yunivesite. Mumuuze kuti amalume ake anyadira, komanso kuti nkhani ya mwezi ija tidzaimalizira kuno.

Za malo ogona, mundikhululukire. Kwathu pakali pano sizingatheke. Chifukwa chake ndidzakuuzani tikaonana, si nkhani ya pakalata.

Musaganize kuti adzapeza yunivesite imene ndinkakusimbirani kale ija. Nditayamba ntchito, aphunzitsi a masamu tinalipo asanu ndi anayi, ndipo ana a chaka choyamba ndinkawadziwa mayina mwezi wachiwiri usanathe. Lero tatsala atatu. Ena anapuma, ena anapita kunja, ndipo pamalo pawo boma linati tisalembepo munthu. Ndalama zimene limatipatsa ndi zomwe zija za zaka zapitazo, pamene mitengo ya zinthu mukuidziwa nokha pa ulusi ndi singano. Koma ophunzira akuti tizilandira ochuluka chaka chilichonse. Chaka chino a kalasi yanga apitirira mazana asanu ndi anayi, m'holo imene anaimangira anthu mazana atatu.

Komabe musade nkhawa, mwanayo akhala m'maso mwanga. Akafika adzandipeze ku nyumba ya sayansi, chitseko chomaliza kumanzere.

Mchimwene wanu.

19 Sepitembala

Achimwene,

Ndamva. Zifukwa sindifunsa. Nyumba ili ndi eni ake, ndipo alamu ndi munthu waukhondo, ndikudziwa. Ndinangoganiza kuti mphasa imodzi pabalaza siingadetse kapeti.

Mafunso wanyamuka dzulo. Wapeza chipinda cha lendi ndi anzake atatu, akuti kutsidya kwa njanji. Ndi kutali ndithu ndi sukulu, koma ndi kumene thumba lathu lafika. Ndamuuza kuti asamakuvutitseni. Munthu wa ophunzira mazana asanu ndi anayi sasowa womuvutitsa.

Mlongo wanu.

16 Okutobala

Amayi,

Muli bwanji ndi msana? Mankhwala aja mukupaka? Ine ndili bwino. Dalaivala akakuuzani kuti ndaonda musamumvere, ndi malaya amene munasoka aakulu.

Sukulu ndi yaikulu kuposa mmene ndinkaganizira. Laibulale ndi ya nsanjika, ngakhale mabuku a masamu amene timafuna alipo awiri okha, ndipo limodzi linathothoka masamba apakati. Ngongole ya boma yothandizira ophunzira ija sinatulukebe. Akuti ituluka, koma anzathu a chaka chachitatu akuti idzakhala yofanana ndi imene ankalandira iwo atangofika, nthawi imene buledi anali pa theka la mtengo wa lero. Minibasi yakweranso, ndiye ndimayenda wapansi. Zili bwino, miyendo ikulimba.

Amalume amaphunzitsa bwino, amayi. Sindinkadziwa. Holo imadzaza m'mamawa, ena amakhala pamasitepe, ena pansi pafupi ndi bolodi. Ife ochokera kutsidya kwa njanji timapeza modzaza kale, ndiye malo athu ndi panja, m'mawindo. Timati mabwana ndife, chifukwa mpweya wabwino umayambira kwa ife. Bolodi sitiliona, koma pali sipika pamwamba pa chitseko, ndiye mawu a amalume amamveka ngati a pawailesi. Mnzathu wina wamtali amasuzumira n'kumatiwerengera zimene alemba. Nthawi zina ndimafuna kuuza anzanga kuti awo ndi amalume anga, koma ndimangodzisungira.

Ku ofesi kwawo ndinapitako. Kunali anthu ambiri, ndidzapitanso.

Ngati ambulera ya abambo ija ilipo, mumupatsire dalaivala. Mvula yayamba.

Mwana wanu.

21 Novembala

Achimwene,

Moni kwa nonse. Ndikufunsa za mwana. Papita sabata zingapo foni yake isakupezeka, ndipo kalata yanga yomaliza sanayankhe. Ambulera ndinatumiza, kaya inafika. Dalaivala akuti anamuona kamodzi kudepoti akutsitsa matumba m'lole, koma mwina anaona wina, maso ake amakhala pamsewu.

Inu mumamuona m'kalasi. Mungondiuza kuti ali bwino, ndizigona tulo.

Mlongo wanu.

18 Disembala

Achemwali,

Kalata yanu inagonera kwa alonda pafupifupi mwezi wathunthu. Amene ankandidziwa aja anawachotsa ntchito, ndipo atsopanowa amandifunsa chitupa pageti ngati mlendo.

Mafunso ali bwino, musadzidwalitse. Akanakhala pa vuto ndikanamva. Ku ofesi sanabwere, koma sindikudabwa. Mnyamata safuna anzake adziwe kuti mphunzitsi ndi malume wake, angamamunene kuti amakonderedwa. Foni mwina anamubera, kuno sizachilendo.

Ine ndiye ndatopa mpaka m'mafupa. Mnzathu wachitatu uja wapita, tatsala awiri. Sipika ya m'holo inapsa kumapeto kwa Okutobala. Nditapempha kuti aikonze anandiyankha kuti ndalama zokonzera zinthu zinatha, ndidikire chaka chamawa. Ndakhala ndikukuwa mpaka mawu kusasa, pano ndimalankhula ngati chitseko chosowa mafuta.

Mayeso alemba, ndipo ndili pakati pa mulu wa mapepala wondifika m'chiuno. Pamapepalapo sipakhala mayina, ndi manambala okha, kuti tisakondere. Ambiri alephera. Dzulo pepala lina linandipweteka mtima. Funso loyamba mwanayo analiyankha mwa njira imene ine sindinaphunzitse, yaifupi ndi yokongola, moti ndinadzuka n'kuzungulira tebulo. Lachiwiri chimodzimodzi. Kenako masamba oyera mpaka kumapeto. Ndinakwiya. Ndinalemba pansi pake ndi cholembera chofiira kuti, "Mutu uli nawo, koma ulesi ukupha." Ana a masiku ano amawerenga sabata zoyamba zokha, kenako tauni imawameza.

Patchuthi pano sindibwera, mapepala sandilola. Mafunso akafika mumupatse moni.

Mchimwene wanu.

9 Febuluwale

Achimwene,

Moni sindipereka, mundikhululukire.

Mafunso anafika Lachisanu ndi katundu wake yense. Patchuthi sanabwere, anangotumiza uthenga kuti akuwerenga. Atalowa mushopu sindinamuzindikire msanga. Ndinamufunsa kuti, "Tikuthandizeni?" Mwana wanga, achimwene. Lamba anachita kuboola mabowo ena, ndipo nsapato zinatha kuphazi ngati za munthu woyenda dziko lonse.

Anandipatsa kalata ya kusukulu. Amuchotsa. Akuti walephera maphunziro atatu, ndipo wolephera atatu sabwereranso. Ndinamufunsa kuti ndi ati. Anatchula awiri okha. Ndinafunsanso. Anati, "Masamu." Ndinati, "A amalume ako?" Anati, "Sanadziwe kuti ndine."

Sanadziwe. Munandilembera ndi dzanja lanu kuti mwanayo akhala m'maso mwanu. Munandilembera kuti ali bwino. Munamuona liti? Nditchulireni tsiku limodzi lokha limene munamuona, ndi malaya amene anavala. Ine ndiwadziwa, ndinasoka ndine.

Pakhomo panu munamukana, ndinameza. Ndinati bola m'kalasi ali ndi wake. Akanalephera kwa mlendo ndikanati ndi mmene dziko lilili. Tsopano anthu akabwera kudzayesa zovala amandifunsa kuti injiniya wathu abwerera liti kusukulu. Ine ndimakhala ndili ndi mapini pakamwa, ndipo ndimawathokoza mapiniwo.

Ngati kumeneko kuli chitseko chimene mungagogode, gogodani.

Mlongo wanu.

9 Febuluwale

Amalume,

Ndikukhulupirira kuti mawu anu anabwerera. Kalata iyi ndamupatsira dalaivala padera, amayi sakudziwa. Ndaona mmene amalembera yawo, cholembera chimachita kuboola pepala, ndiye ndati mumvenso kwa ine.

Ku ofesi kwanu ndinabwera sabata yachiwiri. Mzere wa ophunzira unayambira pachitseko chanu mpaka kumasitepe. Nditafika kutsogolo, inu munali mutatuluka kukasaka choko, chitseko chili chotsegula. Ndinaona bulangete lopinda pansi pa tebulo, beseni, kambaula kamagetsi kuseri kwa kabati, ndi malaya anu atapachikidwa pa msomali wa kalendala. Mayi wosesa anandiuza kuti mumagona momwemo, ndipo azakhali ndi ana anapita kwa makolo awo. Ine ndinabwera kudzapempha ya minibasi. Ndinabwerera. Amayi sindinawauze chifukwa inu simunawauze.

Sipika itapsa, ife a pawindo tinkangoona pakamwa panu pakuyenda. Wamtali amene ankatiwerengera za pabolodi anasiya sukulu. Ndinayesa kulawira kuti ndizipeza mpando, koma nthawi imeneyo ndi imene malole amafika kudepoti, ndipo akatsitsa ena, ine tsiku limenelo sindidya. Foni ndinagulitsa. Manotsi a anzanga ndinkakopera, koma masamu okopera ali ngati nsapato ya mwini, umavala koma sufika nayo patali. Pamayeso ndinayankha zimene ndinamva ndi makutu anga. Zinazo sindinafune kulemba zongopeka.

Tsiku lina munadutsa pafupi nane pakhonde mutanyamula mapepala. Limodzi linagwa, ine n'kukutolerani. Munati, "Zikomo, mwana wanga," maso ali pamapepala. Ndinafuna kunena kuti ndine, koma munali pachangu. Sindinakwiye. Tsiku limenelo ndinali wosangalala mpaka madzulo.

Anatilola kuona mapepala athu a mayeso. Zofiira zija ndinawerenga. Mbali yoyamba ndaisunga, yoti mutu ndili nawo. Yachiwiriyo si yoona, amalume, ndipo ndi chokhacho chimene ndimafuna mudziwe. Sindinachite ulesi.

Mwana wanu,
Mafunso.

24 Febuluwale

Achemwali,

Tsiku limene mukufunsalo palibe. Sindinamuone. Ndinkaona mitu, n'kumaganiza kuti umodzi mwa mituyo ndi wake.

Zitseko ndagogoda. Mkulu wa dipatimenti anandiuza kuti ochotsedwa ndi ambiri moti akhoza kudzaza holo paokha. Anati, "Tikatsegulira wako, enawa tiwauza chiyani? Iwo amalume awo ndani?" Ndinapita kwa mkulu wa sukulu yonse. Anandipatsa mpando, anandimvera mpaka kumapeto, kenako anati ngakhale magetsi a mwezi uno sakudziwa kuti alipira ndi chiyani. Akuti Mafunso angadzapemphenso malo pakatha zaka ziwiri, koma modzilipirira, chifukwa ngongole ya boma sapereka kawiri. Malikisi sindingasinthe. Pepala lake ndaliwerenganso mobwerezabwereza kufuna kupeza pamene ndinamulakwira, koma pa tsamba loyera palibe chimene munthu angachongepo.

Za nyumba: alamu anu sanakane mwana. Nyumba tinatulukamo mu Julayi, lendi itakweranso. Iwo ndi ana ali kwa makolo awo, ine ndimagona mu ofesi. Ndinachita manyazi kukuuzani. Munkauza makasitomala anu kuti mchimwene wanu ndi dokotala wa masamu, ndipo sindinafune kukulandani zimenezo.

Lolemba ndinapempha mnzanga kuti aphunzitse m'malo mwanga, ine n'kukaima panja, pawindo. Pamenepo udzu unatha, patsala dothi lolimba ngati la mumsewu. Ana anandisunthira modabwa. Mnzangayo amakuwa kuposa ine, koma chimene ndinamva ndi magalimoto odutsa ndi kutsokomola kwa anthu. Mtsikana wina anandifunsa monong'ona kuti, "Akuti chiyani, aphunzitsi?" Nanenso ndinali kungotchera khutu pachabe.

Ndikufuna kubwera. Ndiuzeni ngati ndingabwere.

Mchimwene wanu.

6 Meyi

Achemwali,

Moni. Dalaivala akuti makalata anga amakupatsani m'manja, ndiye sindinganene kuti akusochera. Sindikukukakamizani kuyankha. Ndingofuna kudziwa ngati mwanayo akudya, ndiponso ngati mabuku amene ndinamutumizira anawatsegula.

Kuno atiuza kuti chaka chamawa tilandira ophunzira ochulukirapo. Sipika ndagula ndekha yakale kumsika. Imalira ngati njuchi, koma imamveka mpaka panja.

Mchimwene wanu.

28 Ogasiti

Achimwene,

Moni kwa inu, ndi kwa alamu mukawaona. Mukawauze kuti ndinawaganizira zoipa, andikhululukire.

Makalata anu onse ndinalandira. Ndinkayamba kuyankha n'kung'amba. Mkwiyo unatha kalekale, koma chimene chinatsala m'malo mwake sindikudziwa dzina lake. Za kubwera kwanu, dikirani pang'ono, ndidzakuuzani.

Mafunso kuno kulibe. Anakhala nane mpaka Juni, akusokerera mabatani ndi kusita. Sankadandaula, ndipo ndi chimene chinkandiopsa. Chilichonse ndingamuuze ankangoti, "Chabwino, amayi." Mabuku anu anawapukuta bwinobwino n'kuwaika pamwamba pa kabati. Kenako kunabwera kampani yokumba ngalande za mapaipi, ikulemba anyamata, ndipo anapita nayo kutali. Ndinamuuza kuti zaka ziwiri sizichedwa, tidzayesetsa. Anati, "Amayi, msana wanuwo sungasenze fizi ya zaka zisanu." Amayimba mwezi ukatha, pa foni ya mnzake. Akuti mainjiniya a kumeneko amamutuma kuwagwirira tepi yoyezera. Amanena zimenezo akuseka, ine ndimaseka naye mpaka foni idulidwe.

Chandilembetsa ndi china. Mayi wogulitsa zipatso pafupi ndi shopu yanga, mwana wake wamkazi wasankhidwa komweko. Anabwera akuvina, n'kundikumbatira ndili pamakina. Akuti, "Mwayi wake mwanayu, kuli achimwene anu." Ndinamuyang'ana, ndipo ndinafuna kumuuza zonse. Koma munthu akuvina sumugwira mwendo. Ndinangoti ndilemba kalata.

Ndiye ndalemba. Mtsikanayo afika sabata yamawa, ndipo nayenso malo ogona a pasukulu sanapeze. Ndi wamfupi, woderapo, amavala magalasi omanga ndi ulusi mbali yakumanzere, ndipo ali ndi kachipsera pachibwano. Akachita manyazi amaluma kolala. Tsiku loyamba adzavala bulawuzi yobiriwira ya mabatani oyera, ndamusokera ine. Ku ofesi kwanu sadzabwera, ndikumudziwa. Mumufunefune.

Mlongo wanu.